Anathawa atatu, mmodzi yekha ndi amene anakhala kapolo: mmene ukapolo unamangidwira ku Virginia

Mu July 1640 khothi la ku Virginia, ku America, linazenga mlandu wa anthu atatu amene anathawa ntchito pa munda wa mzungu wina dzina lake Hugh Gwyn. Anathawira limodzi, nkukagwidwanso limodzi ku Maryland. Wina anali Victor wa ku Holland, wina James Gregory wa ku Scotland, wachitatu anali John Punch, munthu wakuda. Onse analamulidwa kukwapulidwa zikoti 30 aliyense, mpaka apo zinali zofanana. Komano itafika nkhani ya zaka, azungu awiri aja anangowaonjezera zaka 4 pa kontirakiti yawo ya ntchito, pamene John Punch anamuuza kuti adzagwirira ntchito bwana wakeyo mpaka tsiku limene adzamwalire. Mlandu wake womwewo, woweruza yemweyo, tsiku lomwelo.

Ndayambira pamenepa dala chifukwa ambirife timaganiza kuti ukapolo wa ku America unangofika uli wathunthu, azungu mabwana, akuda akapolo, basi. Ku Virginia sizinayende choncho. Zinatenga zaka zoposa 60 anthu akukhala pansi nkumalemba malamulo limodzilimodzi, paliponse pamene munthu wakuda wapeza mpata wotulukira iwo nkutseka, ndipo chimene chimawakankha chinali fodya ndi ndalama.

Tiyambe ndi azungu a kontirakiti aja, chifukwa popanda iwo nkhaniyi simveka.

Angelezi anafika ku Jamestown mu 1607 akuganiza kuti akapeza golide. Golide sanampeze, anapeza njala ndi matenda, ambiri anafa. Chimene chinawapulumutsa ndi fodya amene John Rolfe anayamba kuyesa kulima cha m'ma 1612. Nde amene munalimapo fodya sindikuuzani zachilendo, mbeu imeneyi imafuna manja, kuyambira ku nazale, kuokera, kupalira, kudula nsonga, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha, chaka chonse munthu uli wowerama. Malo analipo ambirimbiri, olanda kwa eni dziko a mtundu wa Powhatan, chosowa chinali anthu. Pamene ku England kunali kosiyana, anthu mbwee koma minda kulibe, olemera anali atatchinga malo amene amphawi ankalimapo ndi kudyetserapo ziweto, achinyamata akungoyendayenda m'misewu ya London ndi Bristol opanda chochita.

Ulendo wa pa sitima unali pafupifupi mapaundi 6, ndalama yoti mmphawi sakanaigwira. Ndiye panabwera dongosolo loti wina akulipilire sitima, iwe usaine kuti ukamugwirira ntchito ulele zaka 4, 5 olo 7, iye azikudyetsa, kukuveka ndi kukupatsa pogona. Pepala lake ankalitcha indenture, chifukwa kale ankalemba mawu kawiri pa pepala limodzi nkulidula pakati mokhotakhota ngati mano, aliyense nkutenga theka, kuti pakabuka mlandu adzalumikize aone ngati manowo akugwirizana. Ana aang'ono ankasainitsidwa zaka zambiri, mpaka atakula. Amene muli ndi agogo anapitapo ku Theba mukhoza kuliona pang'ono fanizo lake, kusaina kuno, ntchito kukagwira kutali, kungoti kwa opita ku Virginia malipiro apamwezi kunalibe. M'zaka za m'ma 1600, pa azungu 4 aliwonse opita ku Virginia ndi Maryland, pafupifupi atatu ankapita mwa njira imeneyi.

Ndipo sikuti onse ankapita mofuna. Mu 1619 mzinda wa London unatola ana a m'misewu pafupifupi 100 nkuwatumiza ku Virginia. Kunali anthu oba anzawo m'madoko, kumuledzeretsa munthu, podzidzimuka ali pakati pa nyanja. Nthawi ya Cromwell, amene ankalamulira England m'ma 1650, anthu ambiri a ku Ireland ndi akaidi ankhondo a ku Scotland anatumizidwa mokakamiza, makamaka ku Barbados. Kenako lamulo la ku Britain la 1718 litabwera, akaidi pafupifupi 50,000 anatumizidwa ku America isanafike nkhondo ya ufulu wa dzikolo.

Moyo wake unali woipa, izi tisabise. Kontirakiti yako bwana amatha kuigulitsa kwa wina iwe osafunsidwa, kukwatira popanda chilolezo sunkaloledwa, mkazi akatenga mimba ankamuonjezera zaka ati wataitsa nthawi ya bwana, ukathawa zaka zimaonjezekanso, chikoti chinali cha tsiku lililonse. Ambiri ankafa chaka choyamba chomwe ndi malungo ndi kamwazi. Pali mnyamata wina Richard Frethorne amene mu 1623 analembera makolo ake ku England kuwadandaulira za njala ndi kuwapempha kuti amuwombole, kalata yake ikadalipo, iye sanakhalitse anamwalira konko. Kunalinso lamulo kuyambira 1618 loti aliyense wolipilira munthu sitima azilandira maekala 50 a malo pa mutu uliwonse, ndiye onani, malowo amapita kwa wolipira uja osati kwa wogwira ntchitoyo, wolemera amapeza zonse ziwiri, munda ndi woulima.

Komabe zinthu zitatu wa kontirakiti anali nazo. Tsiku lomaliza linali lolembedwa. Amatha kukasuma ku khothi bwana akaphwanya pangano. Ndipo mwana wake sankabadwa ali katundu wa munthu. Akamaliza ankapatsidwa chimanga ndi zovala kuti akayambe moyo, ena ndithu anadzapeza malo awoawo. Mukadzamva wina pa Facebook akuti anthu a ku Ireland nawonso anali akapolo ndiye akuda asamadandaule, muzikumbukira zitatu zimenezi. Anazunzika zoona, ena anafa imfa zomvetsa chisoni, koma mavuto awo sanali cholowa chosiyira zidzukulu.

Anthu a ku Africa oyamba kulembedwa ku Virginia anafika kumapeto kwa August 1619 pa malo otchedwa Point Comfort, anali 20 ndi kenakake. Anachokera ku Angola, mwina ku ufumu wa Ndongo umene Apwitikizi ankauthira nkhondo nthawi imeneyo. Anakwezedwa ku Luanda pa sitima ya São João Bautista yopita ku Veracruz ku Mexico, panjira sitima ziwiri za achifwamba a panyanja zinawalanda, imodzi mwa izo White Lion nkukawasinthanitsa ndi chakudya ku Virginia. Ndiye dziwani kuti pofika 1619 malonda a akapolo pa Atlantic anali atatha kale zaka pafupifupi 100 akuchitika, Apwitikizi ndi Asipanishi ndi amene anayamba, Angelezi anabwera mochedwa.

Zaka zoyambirirazo malamulo a Virginia sankanena bwinobwino kuti munthu wakuda ndi ndani. Ambiri ankasungidwa ngati akapolo ndithu, tisanamizane kuti kunali chilungamo, koma mipata inalipo. Anthony Johnson anafika mu 1621, anagwira ntchito, anapeza ufulu, anakwatira Mary, pofika 1651 anali ndi maekala 250 ku Northampton m'Virginia momwemo, ng'ombe ndi antchito ake. Mu 1655 anawina mlandu woti munthu wakuda mnzake John Casor akhale wake moyo wonse, nkhani imene anthu ena amakonda kuitchula pofuna kunena kuti ukapolo anayambitsa ndi wakuda, kuiwala kuti za John Punch zinali zitachitika zaka 15 m'mbuyomo. Chimene satchula ndi chakuti Johnson atamwalira mu 1670 khothi linagamula kuti malo ake otsala ku Virginia atengedwe chifukwa anali wakuda, choncho mlendo.

Funso nkumati, bwanji eni minda sanangogula akapolo ambiri kuchokera pachiyambi? Nkhani yake ndi masamu. Kapolo anali wodula kuposa wa kontirakiti, ndipo pamalo poti munthu watsopano amatha kufa zaka zisanu zisanakwane, kugula moyo wonse wa munthu kunali kutaya ndalama, bola kugula zaka zisanu zotchipa. Komanso sitima za akapolo sizinkabwera kwenikweni ku Virginia, msika wonona unali kwina. Mpaka mu 1671 bwanamkubwa William Berkeley ankawerenga kuti mwa anthu 40,000 a m'dzikomo, a kontirakiti achizungu anali 6,000 pamene akapolo akuda anali 2,000.

Msika wononawo unali wa shuga, ndipo amene anaonetsa Angelezi anzawo njira ndi a ku Barbados. Kachilumba kakang'ono, Angelezi anakhalapo kuyambira 1627, poyamba ankalima fodya woipa ndi thonje pogwiritsa ntchito azungu a kontirakiti. M'ma 1640 anthu ngati James Drax anatengera luso la nzimbe ku Brazil, zinthu nkusinthiratu. Nzimbe ukadula siidikira, iyenera kufinyidwa msangamsanga madzi ake asanasase, ndiye nyengo yokolola chigayo chimayenda usiku ndi usana, anthu akuika nzimbe pakati pa zitsulo zozungulira tulo tili m'maso, pambali pamakhala chikwanje chodulira mkono wa munthu ukakokedwa. Kwinaku ena ali m'nyumba yowiritsira, moto osazima. Amene munaonapo odula nzimbe ku Nchalo kapena ku Dwangwa mukudziwa kuti ndi ntchito yotani olo munthu ukulipidwa nkumapita kwanu madzulo. Mbiri ya Barbados itamveka ku England anthu anayamba kukana kusaina zopita kumeneko, eni minda nkutembenukira ku Africa, ndipo pofika 1680 akapolo anali kuwirikiza pafupifupi kawiri azungu. M'minda ya shuga anthu akufa ankaposa obadwa chaka ndi chaka, eni ake anaona kuti nkotchipa kumugwiritsa munthu ntchito mpaka afe nkugula wina kusiyana ndi kulera mwana. Mu 1661 Barbados inalemba malamulo awiri osiyana, lina la antchito a kontirakiti, lina la akapolo, ndipo la akapololi linadzakoperedwa ku Jamaica ndi ku South Carolina.

Tsono tione malonda akewo mmene ankayendera. Kusukulu tinaphunzira za makona atatu, sitima kuchoka ku Ulaya ndi katundu, kufika ku Africa nkutenga anthu, kuwoloka kupita ku America, nkubwerera kwawo ndi shuga, fodya, kenako thonje. Nzoona kwa sitima za ku Liverpool, Bristol ndi Nantes, koma gawo lalikulu zedi linali longowoloka pakati pa Brazil ndi Angola osadzera ku Ulaya nkomwe, amalonda a ku Rio de Janeiro ndi Bahia akubweretsa kachasu wa nzimbe ndi fodya nkubwerera ndi anthu. Ofufuza amene anawerenga maulendo a sitima amati anthu pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'sitima, amene anatsika amoyo ndi 10.7 miliyoni. Brazil yokha inalandira pafupifupi 5 miliyoni. Dera limene pano ndi United States linalandira ochepera 400,000 ochokera ku Africa mwachindunji, zimene zimadabwitsa anthu ambiri chifukwa nkhani ya ukapolo timaimvera kwambiri kumeneko.

Katundu wogulira anthu sanali timikanda tachabechabe ngati mmene ena amanenera. Nsalu ndi zimene zinali patsogolo, zambiri zochokera ku India, kenako mfuti ndi wonga, zitsulo, mkuwa, mowa, ndi tizigoba ta m'nyanja tochokera ku Maldives timene ku West Africa tinali ndalama. Ogulitsa anali anthu odziwa malonda, amakana katundu woipa, amalipiritsa azungu msonkho wa padoko.

Apa pali mbali yowawa imene ine sindifuna kuilumpha. Kupatula ku Angola kumene Apwitikizi ankalowa okha mkati ndi nkhondo, azungu ambiri ankathera m'mphepete mwa nyanja, m'malinga ngati Elmina amene anamangidwa mu 1482 ndi Cape Coast, kapena m'sitima momwemo, chifukwa malungo ankawapulula. Ogwira anthu nkuwatsitsira kunyanja anali mafumu ndi amalonda a mu Africa momwemuno, a Dahomey ndi doko lawo la Ouidah, a Asante, a Oyo, amalonda a ku Bonny ndi Calabar. Iwo sankadziona kuti akugulitsa abale awo, mawu oti tonse ndife Aafirika kunalibe, ankagulitsa adani ogwidwa pankhondo, angongole, oweruzidwa milandu, obedwa panjira. Koma msika ukakula milandu imachulukanso, munthu wolakwa pang'ono amene kale akanalipa mbuzi tsopano ankagulitsidwa. Ndipo mfuti zinapanga msampha woti ukakana kugulitsa anthu ulibe mfuti, mnzako wa tsidya lina amene ali nazo adzakugulitsa ndiwe. Mfumu Afonso ya ku Kongo inalembera mfumu ya Portugal mu 1526 kudandaula kuti dziko lake likutha, amalonda akuba ngakhale ana a mafumu ndi abale ake, koma palibe chinasintha. Kunena izi sikuchotsa mlandu pa amene anamanga sitima, kupereka ngongole, kulemba inshuwalansi ndi kutsegula minda imene inkameza anthu osakhuta. Popanda minda imeneyo anthu 12 miliyoni sakanachoka.

Ku England malondawa sanali a m'tchire. Kampani ya Royal African Company imene inapatsidwa chilolezo mu 1672 inkatsogoleredwa ndi James, Duke of York, mchimwene wake wa mfumu amene anadzakhalanso mfumu, ndipo anthu ankaotchedwa pachifuwa ndi chitsulo chamoto cholembedwa DY kapena RAC. Edward Colston amene chipilala chake anthu anachigwetsa nkuchiponya m'madzi ku Bristol mu June 2020 anali mmodzi wa akuluakulu a kampani imeneyi. Mu 1698 nyumba ya malamulo inatsegulira malondawa amalonda onse, chiwerengero nkukwera kwambiri.

Za pa nyanja ndinena zochepa chifukwa nzosautsa. Ulendo umatha mwezi umodzi mpaka iwiri, pena kuposa. Amuna ankamangidwa unyolo awiriawiri kunsi kwa sitima, malo osakwana kukhala tsonga, kamwazi akagwa ndiye kumeneko ndi kumene anthu amagonanso. Akazi ankaikidwa kwaokha, ogwira ntchito m'sitima nkumawagwirira. Sitima ya ku Liverpool yotchedwa Brookes, imene chithunzi chake cha anthu ogonekedwa ngati nsomba pathandala chimadziwika, lamulo la 1788 linailoleza anthu 454, koma m'mbuyomo inanyamulapo oposa 600. Anthu sankangogonja, pafupifupi ulendo umodzi pa 10 uliwonse munkabuka kuukira, ena ankadziponya m'madzi, ena kukana kudya mpaka kuwatsegula pakamwa ndi chitsulo. Mu 1781 a sitima ya Zong anaponya m'nyanja anthu amoyo oposa 130 ati madzi akumwa achepa, eni ake nkukapempha ndalama ku inshuwalansi, ndipo mlanduwo utalowa m'khothi ku London mu 1783 sunali wakupha anthu, unali wokangana kuti alipire katundu wotayikayo ndani. Olaudah Equiano, amene naye anali kapolo kale, ndi amene anakauza Granville Sharp, Mngelezi wolimbana ndi ukapolo, za nkhaniyi kuti imveke.

Mwina mukufunsa kuti kwathu kuno zinatikhudza bwanji. Njira imene timaidziwa bwino, ya Jumbe ku Nkhotakota ndi ya Mlozi ku Karonga, inkapita kum'mawa, ku Kilwa ndi Zanzibar, amenewo ndi malonda ena a nyanja ya India. Koma ya Atlantic inafikanso chigawo chino kudzera ku Mozambique, makamaka kumapeto kwa ma 1700 ndi m'ma 1800 pamene Angelezi anayamba kulondera gombe la West Africa kuti aletse malondawa. Sitima za ku Brazil zinkazungulira ku Cape nkudzanyamula anthu ku Quelimane ndi ku chilumba cha Mozambique, anthu otengedwa kwa Amakua ndi m'chigwa cha Zambezi mpaka madera a Amaravi, moti ku Brazil kunali gulu la akapolo longotchedwa Moçambiques. Ulendo wake unali wautali kwambiri ndiye imfa zinkachulukanso. Mu December 1794 sitima ya São José inanyamuka ku chilumba cha Mozambique ndi anthu pafupifupi 500 kupita ku Maranhão ku Brazil, inasweka pamiyala pafupi ndi Cape Town, oposa 200 anamira, opulumuka anagulitsidwa ku Cape komweko.

Tibwerere ku Virginia, kumene zitseko zinayamba kutsekedwa.

Panali mayi wina Elizabeth Key, mayi ake anali wakuda, bambo ake mzungu Thomas Key. Bwana wake atamwalira, olowa chuma anamuwerengera pamodzi ndi akapolo. Iye anakasuma, mfundo zake zinali zoti bambo ake ndi Mngelezi ndipo mwa malamulo a England mwana amatsata bambo, kuti ndi Mkhristu wobatizidwa, ndiponso kuti zaka zimene anapangana anazimaliza kalekale. Mu 1656 anawina. Nde taonani zimene zinatsatira. Mu 1662 nyumba ya malamulo ya Virginia inakhazikitsa lamulo loti mwana azitsata mayi, mayi akakhala kapolo mwananso ndi kapolo. Kwa ife a chikamwini mawu oti mwana ndi wa kwa mayi samveka achilendo, koma apa sanali kunena za mbumba kapena za mwini mbumba woti ateteze mwanayo, ankatanthauza kuti mimba ya mkazi wakuda ndi munda wa bwana. Mzungu amatha kugwirira kapolo wake, mwana wobadwayo osakhala udindo wake, nkukhala chuma chake choti akhoza kugulitsa. Pa malamulo onse a nthawi imeneyo ine limeneli ndi limene limandiwawa kwambiri, chifukwa anasintha mwambo wawo womwe wa makolo awo pongofuna phindu.

Mu 1667 anatseka khomo lachiwiri, ati ubatizo susintha kanthu, kapolo akabatizidwa akhalabe kapolo, ndipo analemba ngati akuchitira anthu zabwino, kuti eni akapolo asamaope kuwaphunzitsa Chikhristu. Mu 1669 anati bwana akapha kapolo wake pomulanga si mlandu wakupha, pa maganizo oti munthu sangaononge dala chuma chake. Mu 1691 analetsa ukwati wa mzungu ndi wakuda, ndipo womasula kapolo ankayenera kumulipilira ulendo wotuluka m'dzikomo.

Pakati pa zimenezi panachitika chipolowe cha Nathaniel Bacon mu 1676. Chiyambi chake sichabwino ayi, Bacon ankafuna nkhondo yopha eni dziko onse nkulanda malo awo, bwanamkubwa Berkeley nkumakana. Koma gulu lake linadzaza ndi azungu osauka amene anamaliza makontirakiti nkupeza kuti malo abwino onse anatengedwa kale, komanso a kontirakiti ndi akapolo amene analonjezedwa ufulu. Anaotcha Jamestown. Bacon anafa ndi kamwazi chaka chomwecho zinthu nkuzilala, ndipo limodzi mwa magulu omaliza kugonja linali la akuda 80 ndi azungu 20 ali pamodzi ndi mfuti. Eni minda anaona okha kuti chaka chilichonse akumasula anyamata okwiya, opanda malo, odziwa kuombera. Sindikunena kuti Bacon yekha ndi amene anasintha zonse, panalinso zina, ku England malipiro anali atayamba kukwera pambuyo pa mliri wa 1665 ndi moto wa London wa 1666, osaina anachepa, ena nkumasankha Pennsylvania, anthu ku Virginia anayamba kukhala moyo wautaliko ndiye kugula moyo wonse wa munthu kunayamba kupindulitsa, sitima za akapolo nazo zinayamba kufika. Zonsezi zinakumana nthawi imodzi.

Lamulo lalikulu la 1705 ndi limene linamanga mfundo. Mzungu wa kontirakiti akamaliza azipatsidwa chimanga, masheleni 30 ndi mfuti. Bwana asamukwapule ali maliseche popanda chilolezo cha woweruza. Pamene wakuda asagwire chida, asatukule dzanja pa mzungu, ndipo ziweto zimene akapolo anali nazo zilandidwe, zigulitsidwe, ndalama zake zithandize amphawi a mpingo, kutanthauza azungu osauka. Mmphawi wachizungu sanalemere ndi lamuloli, koma anapatsidwa wina woti azimuyang'anira pansi, ndipo anthu amene mu 1640 ankathawira limodzi, ana awo anadzakhala wina wosaka wina wosakidwa. Pofika kalembera wa 1790 Virginia inali ndi akapolo pafupifupi 293,000, ambiri obadwira konko.

Britain inaletsa malonda a akapolo mu 1807, itaona kale zimene zinachitika ku Haiti kumene akapolo anaukira mu 1791 nkudzilamulira mu 1804. Ukapolo weniweniwo inauthetsa ndi lamulo la 1833, ndipo boma linapereka chipukuta misozi cha mapaundi 20 miliyoni kwa eni akapolo, akapolowo sanalandire kalikonse, m'malo mwake anauzidwa kuti agwirebe ntchito kwa mabwana omwewo ati akuphunzira ufulu, mpaka 1838. Kenako kontirakiti ija inabwereranso. John Gladstone, bambo wa William Gladstone amene anadzakhala nduna yaikulu, analandira ndalama zoposa mapaundi 100,000 pa akapolo oposa 2,500, ndipo ndi yemweyo anakonza zobweretsa amwenye a kontirakiti ku minda ya nzimbe ya British Guiana, anafika mu May 1838 pa sitima za Whitby ndi Hesperus nkukagonekedwa m'nyumba zomwe munkagona akapolo. Ku Mauritius zinali zitayamba mu 1834, ku Natal sitima ya Truro inafika ku Durban mu November 1860, ndi chiyambi cha amwenye ambiri amene mumawaona kumeneko. Oposa miliyoni imodzi anachoka ku India mwa njira imeneyi mpaka inaletsedwa mu 1917. Brazil yokha inakakamira ukapolo mpaka 1888.

Ku Virginia lamulo la mimba lija ndi limene linadzalipira eni akapolo kwambiri. America italetsa kubweretsa akapolo kuchokera kunja mu 1808, nthaka ya fodya inali itaguga, pamene kummwera ku Mississippi, Alabama ndi Louisiana thonje ndi nzimbe zinkafuna manja. Virginia inasanduka yogulitsa anthu, mzinda wa Richmond unali ndi misika ndi ndende zosungiramo oyembekeza kugulitsidwa, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anasamutsidwa kuchoka ku Virginia ndi madera oyandikana nayo kupita kummwera, ambiri wapansi atamangidwa unyolo, mwamuna kusiya mkazi, mayi kusiya ana. Zinatha mu 1865 nkhondo yapachiweniweni itapha anthu oposa 600,000. Patangopita zaka 32, mu 1897, John Chilembwe ananyamuka ndi Joseph Booth kupita ku America nkukaphunzira pa sukulu ya ubusa ya anthu akuda ku Lynchburg, mu Virginia momwemo, pakati pa anthu amene makolo awo anabadwa ali akapolo ndipo ena a iwo eni ake ankakumbukira. Anabwerera kwawo ku Chiradzulu mu 1900, nkupeza anthu a m'maesiteti oyandikana naye akulipira malo okhala ndi thangata.